A Dolika, Galimoto ya Banja, ndi Mpando wa Kumanzere

A Dolika Miti, amene kwawo ku Kasenengwa amadziwika kuti a Nambewe, adayamba kugwira chiwongolero imvi zitamera kale. Adabadira m'banja la alimi a mtedza ndi thonje, sukulu adaisiyira panjira chaka chimene mtsinje udakokolola mlatho wa kwawo, ndipo maulendo awo onse adali a miyendo, a njinga, kapena a pamwamba pa lole. Galimoto ankaidziwa monga momwe mkazi wa dalaivala amaidziwira: fungo la dizilo m'malaya okachapa, ndi mwamuna wofika pakhomo msana uli gwa.

Mwamunayo ndi a Bizwell Miti, amene adakalambira pa lole ya kampani ina yogula thonje. Atapuma ntchito, ana awo awiri, Sipho wa ku Lusaka ndi mlongo wake Alice wophunzitsa ku Katete, adasonkherana nkuwagulira galimoto yaing'ono yoyera, yogwirapo kale ntchito. Adailembetsa m'dzina la bambo awo. Inshuwalansi ankalipira ndi Sipho chaka ndi chaka, ndipo adasankha yaikulu ija, yokonzetsa galimoto ya mwini wake ikagundidwa, osati yongolipira wogundidwa yekha. M'mudzi monse galimoto idali yokhayo. Idanyamula odwala, akwati, mbewu, ngakhale mitembo ya ana.

Kenaka matenda a shuga adalowa m'maso mwa a Bizwell. Poyamba ankati galasi lakutsogolo lada. A Dolika nkulipukuta, iwo nkunenabe kuti lada. Tsiku lina adaima pakati pa msewu kudikira ng'ombe kuti idutse, pamene chidali chulu, ndipo atafika kunyumba adakoleka makiyi pamsomali osawagwiranso. Galimoto idakhala pansi pa mtengo wa mango dzinja lonse, udzu nkumera mozungulira matayala.

Sipho adati aitenge akaigulitse ku Lusaka isanaole. A Dolika ndiwo adakana. A Bizwell ankafunika kuchipatala ku Chipata mwezi uliwonse, ndipo kukweza munthu wosaona panjinga yamoto, m'msewu wa fumbi ndi maenje, kudali kumupereka kumanda ali moyo. Adauza mwana wawo kuti aphunzira okha kuyendetsa. Sipho adaseka, kenaka ataona kuti amayi ake sakuseka, adaika lamulo limodzi.

"Amama, yendetsani. Koma ikadzangogunda popanda inshuwalansi, makiyi ndidzatenga, ndipo tisadzakambiranenso."

Mawu amenewo a Dolika adawasunga monga munthu amasungira tsiku la mlandu.

Adaphunzira pabwalo la mpira la pasukulu, a Bizwell ali pampando wa kumanzere akumvetsera injini ndi kukalipa. Pambuyo pake adakalowa sukulu ya madalaivala m'tauni, pakati pa anyamata a msinkhu wa adzukulu awo. Kumeneko adamva kuti wophunzira saloledwa kuyenda yekha pamsewu, ayenera kukhala ndi munthu wa laisensi pambali pake. Mayeso oyamba adalephera pobwerera cham'mbuyo. Achiwiri adakhoza, ndipo laisensi itatuluka adaikulunga m'kansalu nkuiika m'thumba limodzi ndi kolona.

Sabata yomweyo Sipho adaimba foni. A Dolika ankasenda mtedza pakhonde ndipo adangomva mbali ya amuna awo: "Eya. Eya. Pa ine ndekha? Chabwino." Foni itadulidwa, a Bizwell adatembenuzira nkhope kumene kudali galimoto.

"Amake Sipho, mwana akuti inshuwalansi ili pa ine."

"Pa inu bwanji?"

"Pa ine. Pamene pali ine ndi pamene ili."

"Nanga ndikapita ndekha?"

"Ndiye kuti mwapita opanda chofunda."

Munthu wa kutali angadabwe kuti mayi wanzeru zake adavomera bwanji zoterezi. Koma a Dolika sadaone chachilendo. Moyo wawo wonse zinthu zolemera zinkakhala pa munthu. Munda uli pa munthu. Nkhani ya banja sikambidwa nkhoswe palibe. Mwana sabatizidwa popanda womuimirira, ndipo woimirirayo sayankhula zambiri, amangofunika kuti akhalepo. Ngakhale boma lomwe lidafuna kuti pophunzira akhale ndi munthu pambali. Ngati inshuwalansi nayo inkafuna mwini wake pampando, chidali chinthu cha mtundu womwewo. Chimene chidawazunguza nchakuti laisensi adaivutikira kuti aziyenda okha, koma tsopano idaoneka ngati yangowapatsa chilolezo chonyamula amuna awo.

Choncho adayamba kuwanyamula. Kuchipatala, inde, koma osati kokhako. Popita kuchigayo, a Bizwell ankavala jekete nkukwera. Popita kumsika wa Kapata kukagulitsa mtedza, a Bizwell ankakwera. Ku msonkhano wa amayi a kutchalitchi, ku maphunziro a kwaya, ngakhale ku chilangizo cha mkwati kumene mwamuna sayandikira, a Bizwell ankapita, nkutsala m'galimoto pamthunzi, zenera lili lotsegula, wailesi ili pamwendo. Amayi anzawo adazolowera kuwatumizira mbale ya chakudya. Pasanapite nthawi anthu adasiya kufunsa kuti bambo ali bwanji, ankangoti, "A Nambewe, inshuwalansi yadzuka bwanji?" A Bizwell akamva ankakweza chipewa.

Apolisi a pamsewu sadatsutsepo kanthu. Ankayang'ana kapepala komata pagalasi, nkuyang'ana laisensi, nkuwerama kupereka moni kwa mkulu wa jekete, kenaka nkukweza dzanja. Kwa a Dolika moni umenewo udali umboni. Ankaganiza kuti wapolisiyo waona zonse zitatu, kapepala, laisensi ndi munthu, ndipo wakhutira.

Komabe mafunso sadathe, ndipo ankawabwerera ali pachiwongolero. Kodi a Bizwell akagona tulo panjira, inshuwalansi imagonanso? Pofuna kupewa, ankawayambitsa nkhani akangoona mutu ukugwa, nthawi zina nkuwagwedeza bondo. Kodi akakhala pampando wa kumbuyo imafika kutsogolo? Sadayese, ndipo ngakhale mayi woyembekezera ankakhala kumbuyo. Tsiku lina pothira mafuta m'tauni, a Bizwell adatsika, wogulitsa mafuta mmodzi nkuwatsogolera kuchimbudzi. Mnzake adapempha a Dolika kuti asunthe pang'ono ena athire. Iwo adakana. Magalimoto adandandalika kumbuyo, mahutala ali pii, dalaivala wa minibasi akukuwa kuti agogo abwerere kumtondo. A Dolika adangogwira chiwongolero ndi manja awiri, maso patsogolo, thukuta lili kamukamu, mpaka amuna awo adabwera nkumanga lamba. Madzulo ake adafunsa ngati kusuntha kwa mapazi ochepa kukadakhala mlandu. A Bizwell adati ngozi sisankha kutalika kwa ulendo.

Zinthu zidayenda chotero kuyambira nthawi yokolola mpaka mvula itayandikira. A Dolika adasanduka dalaivala wabwino, wosathamanga, wodziwa maenje onse a msewu wa kwawo. A Bizwell nawo adanenepa pang'ono, ndipo ankadzuka m'mamawa kufunsa kuti lero ulendo ngwa kuti.

Ndiye kudagwa maliro ku Chiparamba. Adamwalira ndi malume awo a a Bizwell, ndipo pokhala mphwawo wamkulu, iwo ndiwo adali mwini maliro. Munthu wotere sachoka pasiwa mtembo usanaikidwe. Aliyense wobwera amafikira kwa iye, ndipo adzukulu okumba manda samenya khasu asanamve mawu ake. M'mawa wa tsiku loika kudapezeka kuti nsalu ya bokosi yaperewera ndipo ndiwo za anthu sizikwanira. Kudafunika galimoto yothamangira ku Chipata. Maso onse adatembenukira kwa a Dolika.

Iwo adagwada pafupi ndi pamene padakhala amuna nkufotokoza vuto lawo motsitsa mawu. Galimoto ilipo, mafuta alimo, koma inshuwalansi ili pa mwini maliro, ndipo mwini maliro sangachoke.

Akuluakulu adaitenga nkhaniyo monga amatengera nkhani iliyonse, modekha ndi mosinthana mawu. Wina adati a Bizwell angopita msanga nkubwerera. Ena adakana kuti zimenezo nzochititsa manyazi pamaso pa akuchimuna. Wina adati apereke jekete ndi chipewa ziikidwe pampando, koma adamuseka. Potsiriza mkulu wina wa katekisimu adafunsa kuti kodi munthu akalephera kupita ku mlandu kapena ku chinkhoswe amatani. Amatuma mbale wake. Nanga mng'ono wawo wa a Bizwell, bere limodzi, sali pomwepa? Mkulu ndi mng'ono dzina ndi limodzi. Chimene chili pa wina chili pa mnzake.

Onse adavomereza. A Bizwell adatsegula pakamwa ngati anena kanthu, nkutsekanso. A Dolika adaziona, koma adati mwina nchisoni cha maliro.

Mng'onoyo ndi a Yakobo, mlimi wa fodya, munthu amene sadagwirepo chiwongolero ndipo amaopa liwiro lililonse loposa la ng'ombe. Adakwera kumanzere atagwira chipewa pachifuwa.

"Alamu, lero ndine mwamuna wanu, mundisamale."

"Mwamuna wanga samanjenjemera chotero. Mangani lamba."

"Kodi ntchito yangayi ndi yotani kwenikweni? Ndiziyang'ana kuti?"

"Palibe. Mungokhala, koma musagone."

"Ntchito yabwino. Nchifukwa chake achimwene anenepa."

Kupita adapita bwino. Adagula nsalu, kabichi, kapenta ndi mafuta ophikira, nkubwerera dzuwa lisanafike pamutu. Atatsala pang'ono kufika, pamene msewu umapanikizika pakati pa ngalande ndi mitengo, adakumana ndi ngolo ya ng'ombe yodzaza njerwa. A Dolika adapatukira kumbali nkuima, monga adaphunzitsidwira. Koma njinga yamoto idatulukira kumbuyo kwa ngoloyo ikulira, ng'ombe imodzi idadzidzimuka nkukokera kumbali, ndipo ngodya ya ngolo idalowa m'chitseko cha kumanzere, nkuchikwinya ngati chitini, galasi lake nkugwera pamiyendo pa a Yakobo.

Palibe adavulala. A Yakobo adakuwa dzina la Maria kangapo, kenaka adadziona kuti ali moyo. Mwini ngolo, bambo wovala malaya ong'ambika paphewa, adagwada m'fumbi manja ali m'mutu, akunena kuti alibe chilichonse koma ng'ombe ziwirizo, ndipo imodzi njobwereka. Koma a Dolika mtima wawo udali m'malo.

"Dzukani, bambo, musalire. Tili ndi inshuwalansi."

"Ili kuti, mayi?"

"Ndi awa," adatero akuloza a Yakobo, amene ankatulukira chitseko cha dalaivala chokwawa.

Maliro adaikidwa, nsalu idakwanira. Patapita masiku, a Bizwell akadali ku Chiparamba kudikira mwambo wometa, a Dolika adatenga kalata ya kupolisi nkupita ku ofesi ya inshuwalansi m'tauni, pamwamba pa sitolo ina ya nsalu. A Yakobo adapita nawo, popeza adali adakali pa udindo. Adawalandira ndi mtsikana wa mpango wakuda dzina lake Tasnim, wobadwira mu Chipata momwemo, woyankhula mofatsa. Adawapatsa mipando, adatsegula kompyuta, nkuyamba kufunsa.

"Ankayendetsa ndani, amayi?"

"Ine."

"Inu ndinu a Bizwell Miti?"

"Ayi, mwanawe, ndine mkazi wawo. Laisensi yanga nayi, njatsopano."

Tasnim adaiyang'ana, adayang'ananso pa kompyuta. "Nanga a Miti adali kuti?"

"Ku maliro a malume awo. Koma adatuma mng'ono wawo."

A Yakobo adadzutsa chipewa. "Ndine, mayi. Sindidagone ngakhale pang'ono."

"Adakutumani kuti muyendetse?"

"Ine? Mulungu andikhululukire. Kuti ndikhale."

"Mukhale kuti?"

"Pampando," adatero onse awiri.

Mtsikanayo adachotsa manja pa kompyuta. Adapempha kuti ayambirenso pachiyambi, ndipo a Dolika adafotokoza zonse mwadongosolo: foni ya Sipho, chigayo, msika, apolisi opereka moni, akuluakulu a pamaliro. Pamene ankafotokoza ankaona nkhope ya Tasnim ikusintha, ndipo adayamba kukayika ngati cholakwa chidali kutuma a Yakobo.

"Ngati vuto ndi alamu angawa, nenani. Mwina pamafunika kalata yowatuma?"

"Ayi, amayi. Vuto si iwowa." Tasnim adasankha mawu mosamala. "Inshuwalansi imene mwana wanu adagula ku kampani yathu ili ndi dzina la woyendetsa mmodzi. Imagwira ntchito a Bizwell Miti akakhala pachiwongolero. Osati pambali. Pachiwongolero."

"Koma iwo saona."

"Pepani. Ife sitidauzidwe."

"Ndiye mukuti imateteza munthu amene sangayendetse, koma woyendetsayo ayi?"

"Mmene zilili pano, inde. Munthu akangotenga laisensi nkuyamba kuyendetsa galimoto ya pakhomo, mwini wake amayenera kubwera kudzamulembetsa. Dalaivala watsopano timamuwerengera mosiyana, chifukwa sadazolowere msewu."

"Nanga akadakhalapo iwo eni ake tsiku limenelo, osati alamuwa?"

"Ngakhale akadamanga malamba awiri, amayi, chitseko sitikadakonza."

A Dolika adaganiza za mzere wa magalimoto pothira mafuta paja, za bondo limene ankaligwedeza panjira, za mwamuna wokhala padzuwa kunja kwa chilangizo cha mkwati. Adafunsa funso limene lidawavuta kulitulutsa.

"Ndiye miyezi yonseyi ndinkayenda ndi chiyani?"

A Yakobo ndiwo adati, motsitsa mawu, "Ndiye kuti ine ndidafera chabe, alamu."

Potsika masitepe a Dolika adaona kuti sangathenso kuigwira galimotoyo. M'mawa womwewo adaiyendetsa mopanda mantha, chitseko chili chomangidwa ndi chingwe. Tsopano msewu womwewo udaoneka wodzaza njinga, ana ndi mbuzi, chilichonse chikuthamangira kudzagundidwa. Adapempha wokonza magalimoto wina kuti adzaikoke aisunge pagalaja pake, ndipo iwo adabwerera kumudzi pa njinga yamoto, makiyi ali m'thumba, mawu a Sipho ali m'khutu.

A Bizwell adabwera kuchokera ku Chiparamba mutu uli wometa. Adapapasa pansi pa mango ndi ndodo, osapeza kanthu, nkukakhala pakhonde. A Dolika adawapatsa madzi, adadikira kuti amwe, kenaka adafotokoza zimene adamva ku ofesi.

"Atate ake Sipho, kodi inu mudadziwa?"

"Mwana adati ili pa ine. Ndidanama pati?"

"Munthu wokalambira pa lole osadziwa kuti inshuwalansi imafuna woyendetsa?"

"Za mapepala zidali za abwana. Ine ankangondipatsa makiyi."

"Nanga pamaliro paja munkafuna kunena chiyani?"

"Liti?"

"Pamene ankatuma a Yakobo. Mudatsegula pakamwa."

"Ndinkayasamula. Ndidagona panja."

A Dolika adawayang'anitsitsa. Kale ankadziwa bodza la amuna awo poona m'maso, koma maso amenewo tsopano adali otuwa ndi odekha ngati madzi a m'chithaphwi, osaonetsa kanthu. Zikhoza kutheka kuti mkuluyo sadamvetse. Zikhoza kuthekanso kuti adamvetsa bwino lomwe, nkuona kuti mkazi akangoyamba kuyenda yekha, iye atsala pakhonde ndi nkhuku. Kapena adayamba ndi kusamvetsa, nkudzazindikira pakati pa ulendo, nkusankha kukhala chete. A Dolika adazitembenuza zonse zitatu ndipo iliyonse inkaoneka yoona.

"Kodi ndidakulemerani, a Nambewe?" adafunsa a Bizwell.

A Dolika adatola kapu nkulowa m'nyumba.

Kubisira Sipho kudali kosatheka, pakuti nkhani ya pamaliro imafika ku Lusaka msanga kuposa basi. Ndipo kuti dzina la a Dolika lilembedwe, padafunika mwini galimoto afike yekha ku ofesi, komanso wolipira avomere. Choncho Lolemba lotsatira awiriwo adakwera galimoto ya mphunzitsi wina wopita m'tauni, nakwera masitepe aja pang'onopang'ono, a Bizwell dzanja lili paphewa la mkazi wawo. Tasnim adaimbira Sipho nkuika foni patebulo kuti onse amve.

Sipho sadapereke ndi moni womwe.

"Amama, ndidanena kapena sindidanene?"

"Udanena, mwanangu."

"Ndidauza atate momveka bwino kuti inshuwalansi ili ndi dzina lawo lokha, ndipo mupite nawo ku ofesi akakulembetseni musanayambe kuyenda. Atate, sindidatero?"

A Dolika adatembenuka. Mawu akuti "akakulembetseni" adali achilendo kwa iwo. A Bizwell adasisita chipewa chimene chidali pabondo.

"Netiweki ya kwathu umaidziwa," adatero. "Mawu amabwera oduka."

"Oduka! Chikhala kuti mudagunda mwana wa munthu? Mukadagulitsa munda. Basi, zakwana. Makiyi musiye kwa wokonzayo, ndituma munthu adzaitenge. Kuchipatala muzipita pa takisi, ndizilipira."

"Takisi ifika kwathu dzinja?" adafunsa a Dolika, koma mawu awo adatuluka ochepa. Lamulo adalivomera okha, ndipo galimoto idagundadi popanda inshuwalansi. Adapisa dzanja m'thumba nkutulutsa makiyi, nkuwaika patebulo pafupi ndi foni. A Bizwell adamva kulira kwa makiyiwo.

"Chimenecho nchiyani?"

"Makiyi."

Mkuluyo adapapasa patebulo mpaka adawapeza, nkuwafumbata. Kenaka adatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu a mtsikana uja.

"Mwanawe, m'makina akowo, galimotoyi ndi ya yani?"

"Ndi yanu, bambo."

"Si ya Sipho?"

"Iwo amalipira inshuwalansi. Mwini wake ndinu."

"Woloza kuti uyu aziyendetsa ndani?"

"Ndinu."

"Lemba Dolika Miti."

"Atate!" idakuwa foni.

"Ndikumva, sindine wogontha, ndine wakhungu. Amayi ako sadagunde kanthu, adaima pambali ngati munthu wophunzira, ngolo ndiyo idawapeza. Lamulo lako adalisunga kuposa malamulo khumi, mpaka kundinyamula ngati thumba la feteleza. Ukafuna wolanda makiyi, landa ine, ndilibe nawo ntchito."

"Nanga chitseko akonza ndani?"

"Chitseko nchanga. Ndidachiphwanya ndine, ndi pakamwa. Mbuzi zilipo."

A Dolika adadikira kuti apitirize, anene ngati pakamwapo padalakwa mwangozi kapena mwadala, koma a Bizwell adatsekera pomwepo. Tasnim adalowererapo mwaulemu, nafotokoza kuti kulembetsa dalaivala watsopano kukweza malipiro, ndiponso kuti ngozi ikadzachitika iwo ali pachiwongolero, gawo loyamba la zokonzetsa limene banja limadzilipirira lidzakhala lokulirapo kufikira atazolowera msewu. Sipho adafunsa mafunso angapo mwachingerezi, mawu ake akutsika pang'onopang'ono. Potsiriza adapuma mwamphamvu.

"Lembani. Koma amama, kuyambira lero nkhani za galimoto ndiziyankhula ndi inu, osati kudzera mwa atate."

"Ndi bwino," adatero a Bizwell. "Netiweki ya amayi ako njabwino."

Tasnim adajambula laisensi ija, adathandiza a Bizwell kupeza posaina, nkusindikiza pepala latsopano. A Dolika adalilandira ndi manja awiri, adaona dzina lawo pansi pa la amuna awo, koma mtima sudakhazikike. Adazolowera chinthu chokhala ndi thupi, chopuma, chimene ankatha kuchigwedeza bondo.

"Undiuze bwino, mwanawe, ndisalakwenso. Tsopano ili pa yani?"

"Pa nonse awiri. Aliyense wa inu akamayendetsa."

"Koma iwowa sayendetsa."

"Ndiye kuti ili pa inu."

"Ndikakhala ndekha m'galimoto?"

"Ngakhale muli nokha."

"Ndikatsika?"

"Ikaima ili yotetezedwa, amayi. Musadandaule."

A Dolika adapinda pepalalo. A Bizwell adali ataimirira kale, chipewa kumutu, atatambasula dzanja la makiyi kumbali imene ankaganiza kuti kuli mkazi wawo, ngakhale adaphonya pang'ono. A Dolika adasuntha nkuwalandira. Kenaka adawerama kwa mtsikanayo nkunong'ona, ngakhale adadziwa kuti makutu a mkuluyo saphonya kanthu.

"Ndiye iwowa azitsala kunyumba?"

Tasnim adayang'ana mkulu wa jeketeyo, amene adaima chilili nkhope italoza kukhoma, akuyembekeza.

"Zimenezo si za ofesi ino, amayi," adatero.